Tikiti ya msika ndi ngalande yopanda mwini

Kuchokera pa Thabwa, pomwe msewu wa M1 umathera kutsetsereka phiri, mpaka ku Marka kumalire ndi Mozambique, mudutsa malo angapo amene ife timawatcha matauni: Dyeratu, Nchalo, Ngabu, Bangula, Tengani, kenako boma la Nsanje. Muli mashopu, zigayo, malo ogona alendo, madepoti a minibasi, akabaza osawerengeka ndi misika imene imadzaza mpaka kutsekereza msewu. Koma m'mabuku a boma, palibe ngakhale imodzi mwa matauni amenewa imene ili ndi khonsolo yakeyake. Luchenza uko kumtunda ili nayo. Kasungu ili nayo, Mangochi chimodzimodzi. Kuno kuchigwa makhonsolo ndi awiri basi, ya Chikwawa ndi ya Nsanje, ndipo iliyonse yasenza boma lathunthu. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 560,000 ku Chikwawa ndi pafupifupi 300,000 ku Nsanje. Ndiye kuti ofesi imene ikuswa mutu ndi za aphunzitsi, zipatala zing'onozing'ono, matenda a ng'ombe ndi misasa ya anthu othawa madzi ndi yomweyonso imene iyenera kukumbukira kuti kuseri kwa msika wathu kuli ngalande yokwiririka.

Ine ndimagulitsa zipangizo za njinga mu imodzi mwa matauni amenewa, ndipo ndinakhalako mlembi wa komiti ya msika. Dzina la tauniyo ndilisunga. Sindikufuna kuti nkhaniyi isanduke mlandu wa munthu mmodzi, komanso amene amachita malonda kwina kulikonse m'chigwa muno aiona kuti ndi yakwawo.

Anthu akumtunda amadabwa akamva kuti mvula ya kuno ndi yochepa. Ife chilala timachidziwa kuposa madzi. Madzi amene amatizunza ambiri amagwa kwina, ku Thyolo, ku Mulanje, ku Mwanza, ndi m'mapiri a kumadzulo amene atilekanitsa ndi Mozambique. Blantyre ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene malo otsikitsitsa m'Malawi muno, kumene Shire amatulukira m'dziko kumunsi kwa Nsanje, ali pa mamita 37 okha. Madzi amatsika ndi liwiro, atanyamula dothi la m'mapiri amene mitengo yake inapita ku makala. Akafika pachidikha liwiro lija limatha, ndipo chimene anyamula amachitula pomwepo. Pitani mukaone mitsinje ya Mwanza, Mkombezi wa Fodya, Lalanje kapena Thangadzi m'chilimwe: ndi mchenga wokhawokha, ana akusewerapo mpira, ngolo zikudutsa. Chaka ndi chaka mchengawo ukukwera, ndipo pansi pa milatho ina pamene kale munthu ankadutsa choimirira lero mpofunika kuwerama.

Zimene zimachitika mumtsinje zimachitikanso m'ngalande ya pamsika, kungoti ndi yaing'ono. Kuno ngalande ili ngati munda, ukailima chaka chino, chaka chamawa ikufunanso khasu. Amene anaimanga ndi simenti nachoka akuganiza kuti ntchito yatha sanakhalepo kuno nyengo ziwiri za mvula.

Pali chinthu chimene sindikufuna kunamiza nacho munthu. Madzi a Januwale 2015, a Idai mu 2019, a namondwe Ana ndi Gombe mu 2022 kapena a Freddy mu Malichi 2023, palibe ngalande ya pamsika imene ikanawaletsa. Namondwe Ana anagumula damu la magetsi la Kapichira, dziko lonse n'kukhala mumdima, ndiye fosholo yathu ikanatani? Koma zaka zambiri si za Freddy. Chimene chimalowetsa madzi m'shopu mwanga ndi mvula wamba ya masana amodzi, imene ikanadutsa bwinobwino njira yake ikanakhala yotsegula. Mvula yotereyi siibweretsa nduna kapena atolankhani, ndipo palibe bungwe limene limagawa mabulangete chifukwa cha iyo. Timangokweza katundu pa mabenchi, amayi a tomato n'kusamukira m'mphepete mwa phula kumene magalimoto a nzimbe ndi a thonje amadutsa mowapemerera, mawa lake tonse n'kuyamba kukolopa matope.

Nanga ngalandeyo ndi ya yani? Funso ili ndi limene linandidyera nthawi yambiri ndili mu komiti. Msewu wa M1 uli m'manja mwa Roads Authority, pamodzi ndi malo a mamita 30 mbali iliyonse kuchokera pakati pa msewu, ndipo ndalama zokonzera zimachokera ku msonkho wa pa mafuta a galimoto kudzera ku Roads Fund Administration. Makontilakitala awo amatchetcha udzu ndi kuchotsa mchenga m'ngalande za m'mbali mwa msewuwo. Msika ndi wa khonsolo. Mapaipi a madzi, kumene aliko, ndi a Southern Region Water Board kapena a komiti za madzi. Malo ambiri ozungulira ndi a mafumu. Aliyense mwa amenewa ali ndi malire ake olembedwa, ndipo mkati mwa malire akewo akhoza kukuonetsani kuti ntchito anagwira. Koma madzi sawerenga malire. Athu amachokera kumudzi wa kumtunda, n'kudutsa pansi pa msewu waukulu, n'kulowa kuseri kwa msika, n'kupyola pakati pa nyumba za lendi asanakagwere kudambo. Gawo la pansi pa msewu lili ndi mwini. Gawo la pakati pa nyumba za lendi lilibe, ndipo likatsekeka limenelo madzi amabwerera mpaka kumsika, ngakhale ena onse atagwira ntchito yawo mokhulupirika.

Tsono tikiti. Kwa wamalonda wamng'ono, khonsolo si nyumba ija ya kuboma ayi. Khonsolo ndi bambo amene amabwera m'mawa ndi kabuku ka matikiti. Mayi wina wogulitsa nsomba zouma za ku dambo la Elephant Marsh ankakonda kundiimitsa ndikamadutsa pa benchi pake.

"Alembi, taimani kaye. Tikitiyi ndimadula tsiku lililonse, ndigulitse ndisagulitse. Chimbudzi chinadzaza, madzi ndi awa ali m'miyendo mwangamu. Ndalama yathuyi imakagona kuti?"

Ndinkayankha kuti, "Mayi, imapita kuboma." Iwo n'kuseka, amvekere, "Ndiye izibwerakotu nthawi zina, izidzationa."

Anthu ambiri pamsika amakhulupirira kuti ndalamayo imabedwa yonse. Kuba kulipo, nkhani za matikiti achinyengo m'misika ya m'dziko muno si zachilendo. Koma nditayamba kupita kumisonkhano ndinaona kuti nkhani yaikulu ndi ina. Makhonsolo a mizinda amadalira msonkho wa nyumba ndi malo. Khonsolo ya boma lakumudzi ndalama yake yotolera yokha imachokera makamaka ku matikiti a m'misika, ziphaso za malonda ndi madepoti. Kandalama kameneka n'kamene kamalipira antchito olembedwa ndi khonsoloyo mwachindunji, monga osesa, alonda ndi odula matikiti omwewo, n'kugulanso mafuta a galimoto ndi kuyendetsa misonkhano. Ndalama zochokera ku likulu zimabwera zitamangidwa kale mfundo, izi za maphunziro, izi za umoyo, izi za ulimi, ndipo nthawi zambiri zimafika mochedwa. Choncho tikiti ya mayi uja imakafikadi kuboma, koma imakapeza mzere wa ngongole ukuidikira. Pofika pa wilibala ndi mafosholo a msika wathu, m'thumba mulibe kanthu. Mavenda akatopa amanyanyala kudula matikiti, monga zimamvekera m'maboma ambiri. Khonsolo ikasowa ndalama osesa salipidwa, zinyalala zimaunjikana, ndipo onyanyala aja amapeza chifukwa china chopitirizira. Ndaonapo dzala la pamsika likukula mpaka mbuzi kumakwerapo kukaonera tauni.

Pepala la malamulo lokha ndi labwino. Mu 1998 dziko lino linakhazikitsa lamulo la maboma aang'ono ndi ndondomeko imene tonse tinaiimba kuti mphamvu ku anthu. Makhansala anasankhidwa m'chaka cha 2000, nthawi yawo n'kutha mu 2005, ndipo kuchokera pamenepo dziko linakhala zaka zisanu ndi zinayi lopanda khansala mpaka chisankho cha patatu cha 2014. M'kati mwa zaka zimenezo, mu 2006, munabadwa thumba la chitukuko cha m'dera la CDF, limene anthu analidziwa ngati ndalama za phungu. Ana amene anakula nthawi imeneyo anaphunzira kuti mlatho, bokosi la maliro, mpira wa timu ndi denga la tchalitchi, zonse amapempha kwa phungu. Makhansala atabwerera anapeza mpando wawo utakhalidwa kale, ndipo kukokanakokana kwawo ndi aphungu pa za CDF kunafika mpaka kukhoti. Ine ndimawamvera chisoni makhansala. Wodi ndi yaikulu, midzi ndi yambiri, ndipo munthuyo alibe thumba loti angatapemo ndalama yolembera aganyu khumi kwa sabata imodzi. Tikamufunsa za ngalande, yankho limakhala lija lija: "Ndakamba nawo, achimwene, tiyembekeze bajeti."

Palinso vuto lina limene silikambidwa kawirikawiri. Njira imene zofuna za anthu zimayendera kupita ku khonsolo inakonzedwa moganizira mudzi. Zimayambira ku komiti ya chitukuko ya kwa gulupu, VDC, n'kupita ku ADC ya kwa mfumu yaikulu, kenako kuboma. Kumudzi zimenezi zimayenda, chifukwa anyakwawa akaitana msonkhano pansi pa mtengo amene amabwera ndi eni mudzi. Koma pa tauni theka la anthu ndi obwera. Wina ndi wa ku Thyolo, wina wa ku Mulanje, wina anawoloka kuchokera ku Mozambique, wina ndi wantchito wa kumunda wa nzimbe amene akupanga lendi chipinda chimodzi. Nthawi ya msonkhano onsewa ali pa malonda kapena kuntchito. Ndipo ngakhale nkhani ya ngalande itafika pa mndandanda, ikapikisana ndi chipinda chophunziriramo kapena nyumba yodikirira amayi oyembekezera. Ndani angaimirire pamaso pa mafumu n'kunena kuti mchenga wa kuseri kwa msika uyambe, amayi apakati adikire? Inenso sindingatero.

Kutalika kwa boma nakonso si nkhani yamasewera. Kuyambira mu 1997, madzi atadula msewu ndi njanji pa Chiromo, munthu wa ku Makhanga kapena ku Muona wofuna kukafika kuboma kwawo ku Nsanje wakhala akuwoloka pa bwato pa Mtayamoyo, apo ayi azungulire mpaka ku Thabwa, kudutsa boma la eni, kuti atsikenso ndi M1. Ulendo wotere munthu amauyenda pa nkhani ya maliro kapena ya khoti. Sangauyende kukanena kuti chitseko cha chimbudzi cha pamsika chathyoka.

Ndalama za chitukuko zikabwera, zimabwera kudzamanga. Shedi ya msika, chimbudzi chamakono, kamlatho, zonse zokhala ndi chikwangwani cholembedwa dzina la thumba ndi chaka. Tsiku lotsegulira kumakhala magule, mafumu pampando, riboni ndi sizasi. Ife a kuchigwa za miyambo yotsegulira tinazionera pafupi mu Okutobala 2010, pamene doko la Nsanje linatsegulidwa ndi chisangalalo chachikulu, ndipo simenti yake ilipobe m'mphepete mwa Shire kudikira sitima. Koma tisapite kutali, tibwerere ku chimbudzi. Chikamangidwa, palibe amene amanena pa mwambopo kuti chikadzaza adzapope ndani, ndi ndalama ziti. Galimoto yopopa zimbudzi kuno si yoti mungaiitane m'mawa n'kufika masana. Kumadera a dothi la makande, monga cha ku Ngabu, nkhani imakula. Dothi limeneli limang'ambika ming'alu yolowa dzanja m'chilimwe, mvula ikagwa limafufuma, ndipo kusinthasintha kumeneko kumaswa makoma ndi kugumula maenje. Mng'alu wa chala chimodzi ukamatidwa chaka choyamba umafuna thumba limodzi la simenti. Ukasiyidwa zaka zitatu, chimbudzi chimatsekedwa ndi minga, anthu n'kuyamba kupita kuseri, kumene kuli ngalande ija. Mvula yoyamba ikagwa zonsezo zimabwerera pakati pa msika pamene pali nsomba ndi masamba. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Alangizi a zaumoyo anagwira ntchito yotamandika yogawa mankhwala othira m'madzi ndi kutikumbutsa kusamba m'manja, koma iwo sangakumbe ngalande.

Nafenso eni tauni tili ndi mbali yathu, ndipo pano ndilankhula mosapsatira. Majumbo, mabotolo a zakumwa, makoko a nzimbe, matewera a ana, zonsezi siziponyedwa m'ngalande ndi khonsolo. Wina amagula malo kwa anyakwawa pakati penipeni pa njira ya madzi m'mwezi wa Ogasiti, pouma gwa, n'kumanga nyumba za lendi. Akuluakulu amamuuza kuti madzi saiwala khwawa, iye amati anamanga maziko aatali. Maziko aataliwo amamuteteza iyeyo, madzi n'kukhotera kwa mnansi wake. Wina amathira dothi pa ngalande kuti makasitomala azifika pakhomo pa shopu yake osadumpha. Komiti ikamudzudzula amatulutsa chiphaso cha malonda, amvekere, "Ine ndimalipira kuboma, inu ndinu ndani?" Ndipo kunena zoona, pa lamulo, komiti ya msika ilibe mano oti ingamulume nawo.

Chimene chimandipatsa maganizo ndi mjigo. Mijigo yambiri kuno ili ndi mavuto ake, ina imatulutsa madzi amchere oti sopo sachita thovu ndipo nyemba sizipsa. Koma umene uli ndi madzi abwino, taonani mmene anthu amausamalira. Pampu ya Afridev inapangidwa kuti anthu wamba azitha kuisegula okha. Timalabala take timatha, tiziwiya ta pulasitiki ta pa chogwirira timadyeka, ndipo zimenezi zimafuna kusinthidwa zisanaononge zitsulo. Pa mjigo wa kufupi ndi kwathu pali komiti, ambiri ndi amayi. Khomo lililonse limasonkha kandalama pa mwezi, msungichuma amalemba m'kope la sukulu, ndipo aliyense akhoza kupempha kuliona. Pampu ikayamba kulira mwachilendo amaitana mekaniki wa m'dera tsiku lomwelo. Mikangano imakhalapo, msungichuma wina anachotsedwapo ndalama zitasowa, koma anachotsedwa ndi anthu omwe amatunga pamenepo, pasanathe mwezi. Amayi amenewa ndi omwe aja amakana kudula tikiti kumsika. Sikuti pamjigo amasanduka anthu ena. Kungoti pamjigo ndalama imagona m'mudzi momwemo, wosunga amamudziwa kumene amakhala, ndipo labala yatsopano amaiona ikulowa m'pampu.

N'chifukwa chake ine sindili m'gulu la amene akuti mankhwala ndi kupatsa tauni iliyonse khonsolo yake, meya ndi mkanjo wake. Mwina Nchalo kapena Ngabu tsiku lina zidzafika pamenepo. Koma khonsolo yatsopano imabwera ndi maofesi, magalimoto ndi malipiro, ndipo zonsezo zidzadyanso tikiti ya mayi wa nsomba uja asanaone fosholo. Chimene ndikupempha n'chaching'ono kuposa pamenepo. Gawo lodziwika la ndalama ya matikiti lizitsala pa msika umene yatoleredwa, ku akaunti imene asayine ndi a khonsolo pamodzi ndi a komiti, ndipo ntchito yake ikhale kukonza zimene zilipo kale basi, osati kumanga zatsopano. Pakhomo pa msika pakhale bolodi, mwezi uliwonse pazilembedwa ndi choko kuti matikiti anadulidwa angati, ndalama yotsala pano ndi zingati, yagula chiyani. Lingaliro limeneli si langa ndekha ndipo si latsopano, lakhala likumveka m'misonkhano ya mavenda. Amene amalitsutsa kuboma ali ndi mfundo yomveka: mukachotsa gawo limenelo, osesa alipidwa chiyani? Yankho langa n'lakuti anthu amene lero amathawa wodula matikiti, kubisa dengu kuseri kwa shopu mpaka adutse, ambiri adzadula okha akaona pa bolodi kuti mwezi watha ndalama yawo inapopa chimbudzi. Sindingalumbire kuti zidzakwanira. Koma njira ya panopa yayesedwa mokwanira, ndipo osesawo ngakhale lero salipidwa pa nthawi yake.

Chachiwiri ndi tsiku. Nthawi yokumba ngalande ndi Seputembala kapena kumayambiriro kwa Okutobala, mchenga uli wouma ndi wopepuka, kutentha kuja kopitirira madigiri 40 kusanafike pachimake. Tsoka lake, imeneyo ndi nthawi imene palibe amene akuganiza za madzi osefukira, tonse tikusaka mthunzi. Timakumbukira mu Januwale, pamene mchenga wasanduka matope olemera ndipo aganyu onse ali kumunda. Akuluakulu amene anakula nthawi ya Sabata ya Achinyamata, m'masiku a Kamuzu, amanena kuti kale ntchito zoterezi zinali ndi nyengo yake yodziwika. Sindikufuna kuti kukakamiza kwa masiku amenewo kubwerere, koma kalendala yokhayo tikhoza kuitenga. Ntchito zolipidwa za m'midzi, zimene tinazidziwa ndi MASAF ndipo zikupitirira m'maina ena, zikanatha kuloza ku ngalande za m'matauni miyezi imeneyi, m'malo mongothera ku misewu ya kumidzi.

Ndipo kalata imodzi ilembedwe, yosainidwa ndi a khonsolo, amfumu ndi oyang'anira msewu, yonena kuti ngalande yakuti, kuyambira pakuti mpaka kudambo, woiyang'anira ndi uje. Gawo la pakati pa nyumba za lendi lija likhale ndi dzina la munthu woti tingamugogodere.

Pa msonkhano wina wa komiti funso linabuka lakuti mchenga wokumbidwawo tikautaya kuti, popeza tikauunjika m'mphepete mvula yoyamba imaubwezera momwemo, ndipo thirakitala ya khonsolo sitingaidalire. Amene anayankha ndi mnyamata woyendetsa ngolo, amene anangobwera kudzaperekeza amalume ake. Anati omanga nyumba pa tauni pano amagula mchenga tsiku lililonse, ndipo iye ndi anzake amakautenga kumtsinje, mtunda wotopetsa ng'ombe. Wa m'ngalande ndi wosakanikirana ndi zinyalala, pulasitala sungagwire, koma wothira pansi pa maziko ndi kukwirira maenje a m'misewu ya m'makwalala ukhoza. Anati tikaukumba n'kuchotsamo mapulasitiki, iwo adzautuuta ulere. Tcheyamani anamufunsa kuti ngolo zingabwere zingati. Mnyamatayo anati zimenezo zitengera tsiku, lisakhale la msika wa ng'ombe, ndipo tiwauziretu sabata isanakwane.